Mpendero wa Chofunda cha Zigamba: Tiphunzitse Ana Kutsiriza Ntchito

Aliyense amene adayenderapo sukulu zathu pa nthaŵi yotsekera chaka, natsegula kabati yosungiramo ntchito za manja, akudziŵa zimene zimapezeka m'menemo. Mumakhala nsalu za zigamba zolumikizidwa bwino ndithu, zina zazikulu ngati chitseko, koma zopanda mpendero, zopanda nsalu ya kunsi, ndipo ulusi wa m'mphepete mwake uli kusololoka. Ana adazisoka mwakhama kwa masabata ambiri, ndipo ntchito idaima tsiku limene padafunika kudula nsalu yathunthu yozungulira zigambazo. Chaka chotsatira nsaluzo amapukutira bolodi, kapena makoswe amamangira zisa. Maganizo athu m'nkhani ino ndi akuti phunziro la kusoka limene silidafike pa mpendero lidakali losaphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi ayenera kukonza ntchito yake akuyang'ana tsiku lotsiriza kuyambira pa tsiku loyamba.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Boma la Mchinji, limene m'nthaŵi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning, lili pa mtunda wa makilomita 12 kuchokera ku malire a Zambia ndi makilomita 109 kuchokera ku Lilongwe. Njanji idafika kuno mu 1980, ndipo mseu wopita ku Chipata kudzera pa Mwami umadutsa pompano. Chifukwa cha ichi nsalu siisoŵa pa msika wathu. Zitenje zimabwera kuchokera mbali zonse ziŵiri za malire, kaunjika ali mbwee, ndipo matelala amene amakhala m'makonde a masitolo amasesa tizidutswa ta nsalu madzulo alionse. Kunonso kumazizira kwambiri usiku m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo m'mabanja ambiri bulangete limodzi amafundirana ana aŵiri kapena atatu. Tsono chofunda cha zigamba si chokongoletsera chabe. Chikatsirizidwa chimafunditsa mwana nyengo zingapo, koma chikasiyidwa chopanda mpendero sichipirira ngakhale kuchapa kuŵiri, pakuti misoko yonse imathera m'mphepete ndipo imayambira komweko kumasuka.

Kusoka si kwachilendo m'sukulu za dziko lino. Amishoni adakuphunzitsa kuyambira kale, ndipo sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene idatsegulidwa mu 1929, inkaphunzitsa akazi a aphunzitsi ntchito za pakhomo kuti akaphunzitse anzawo m'midzi. Zinthu ziŵiri zidasintha pambuyo pake. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa ana osakwana mamiliyoni 2 kufika pafupifupi mamiliyoni 3 m'chaka chimodzi. Kenaka, pamene maphunziro a pulayimale adakonzedwanso kuyambira mu 2007, kusoka kudaphatikizidwa pamodzi ndi kujambula, nyimbo, magule ndi maseŵera m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Ana adachuluka ndipo nthaŵi ya singano idachepa. Ena amaona ichi ngati chifukwa chokwanira chosiyira ntchito panjira. Ife tikuona mosiyana: nthaŵi ikachepa, mpamene pafunika kuyamba zokhazo zimene tidzatsirize.

Kodi mantha amachokera kuti?

Tisafulumire kunena kuti ana ndi aulesi. Mwana amene walumikiza zigamba makumi asanu ndi dzanja si waulesi. Chimene chimamuimitsa ndi mantha, ndipo manthawo ali ndi magwero anayi.

Choyamba ndi mtengo wa nsalu. Zigamba n'zotola, ndipo mwana akalakwitsa kudula kamodzi amangotaya n'kutenga kena. Koma mpendero umafuna nsalu yaitali yosadukiza, imene kholo lagula ndi ndalama za mtedza kapena za fodya, ndipo sizasi ikapotoka palibe kubweza. Dzanja limene lidali lopepuka pa zigamba limalemera likagwira chitenje chatsopano.

Chachiŵiri n'chakuti mpendero umaulula zobisika. Pamene zigamba zili zokha, maso saona kuti mbali imodzi yatalika kuposa inzake. Ukangoyalapo nsalu yowongoka, kupotoka konse kumaonekera poyera, ndipo mwana amaganiza kuti ntchito yonse ya masabata aja yawonongeka.

Chachitatu n'chakuti ntchito yotsirizika ndiyo imaŵeruzidwa. Ikakhala yosatha, mwini wake angathe kunena kuti akadasoka, ndipo palibe womuseka. Ana amene adasekedwapo pamaso pa anzawo amaphunzira msanga kuti kusatsiriza ndi pobisalira pabwino.

Chachinayi ndi mphunzitsi mwini wake. Aphunzitsi ambiri adaphunzira kusoka pa tinsalu tating'ono tomata m'kope, kamodzi kosonyeza msoko uwu, kena kosonyeza msoko uwo, ndipo sadagwirepo nsalu yaikulu ngati bedi. Munthu amene sadakhotetsepo ngodya ya mpendero sangaime patsogolo pa kalasi kusonyeza kakhotetsedwe kake. Choncho amalengeza kuti ntchitoyo idzatsirizidwa teremu ya maŵa, ndipo teremu ya maŵayo imabwera ndi zake. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau.

Zimene amisiri akutiphunzitsa

Anthu a m'midzi mwathu sakayika za kufunika kwa m'mphepete. Woluka lichero angathe kuluka nsungwi zake mwaluso lotani, koma palibe mayi amene angagule lichero lopanda mkombero, chifukwa lingaphwasuke asadathe kupeta mphale ya tsiku limodzi. Wosoka mphasa amamanga bango lotsiriza molimba kuposa ena onse. Woumba mbiya amataya nthaŵi yaitali pa mlomo wake. Amisiri onseŵa amadziŵa kuti chinthu chimayambira kutha pamene manja amagwira kaŵirikaŵiri.

Kunja kwa dziko lino nkhani ndi yomweyo. Kanga ya ku Tanzania ndi ku Kenya ili ndi magawo amene ali ndi maina ake m'Chiswahili, ndipo mpendero wozungulira mbali zonse zinayi amautcha pindo. Popanda pindo nsaluyo siitchedwa kanga. Ku India, m'chigawo cha Karnataka, kuli anthu otchedwa Siddi, zidzukulu za anthu a mu Africa amene ambiri mwa iwo adatengedwa ukapolo kuchokera ku gombe la kum'maŵa kwa Africa, ku Mozambique komwe, kudzera ku Goa. Amayi awo amasoka zofunda za zigamba zotchedwa kawandi, ndipo njira yawo ndi yodabwitsa: amayambira kusoka m'mphepete, nazungulira kuloŵera m'kati, n'kutsirizira pakati. Pa ngodya iliyonse amasokerera kansalu kopinda kotchedwa phula, kutanthauza duŵa, ndipo chofunda chopanda phula amachiyesa chamaliseche. Kwa iwo funso lakuti mpendero udzaikidwa liti silibuka n'komwe, pakuti ndiwo woyamba.

Ponena za kupotoka, tikumbuke amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku United States. Iwo ankasoka zofunda ndi zovala zakutha zogwirira ntchito kumunda, ndipo mizere yawo yambiri si yowongoka. Mu 2002 zofunda zawo zidaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetsera luso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zithunzi zake zidasindikizidwa pa masitampa a dzikolo. Zidafika kumeneko chifukwa zidali zotsirizidwa, ndipo mabanja adali atafunda kale zaka zambiri. Tikawauza ana nkhani imeneyi sitikuwalimbikitsa kusoka mwaulesi. Tikungowatsimikizira kuti msoko wopotoka pang'ono suwononga chofunda monga amaganizira.

Njira yochotsera mantha

Mantha a mtundu uwu sachoka ndi mau olimbikitsa okha. Amachoka mwana akadziŵa chochita choyamba, chachiŵiri ndi chachitatu. Njira imene tikupereka pano siifuna makina osokera.

Poyamba, ana ayesere pa pepala. Nyuzipepala zakale kapena mapepala a matumba a simenti n'zokwanira. Mwana ayeze, alembe mzere, adule, ndipo ayale timizere ta pepalato mozungulira kope lake. Akalakwitsa palibe chowonongeka. Kenaka aliyense asoke kansalu kakang'ono koika pa tebulo, ka masentimita 30 mbali zonse, ndipo akaike mpendero wake mpaka kutsiriza. Mwana amene wakhotetsa ngodya zinayi pa kansalu aka sadzachitanso mantha ndi ngodya za chofunda chachikulu.

Kachiŵiri, nsalu yatsopano ya mpendero ichapidwe ndi kusitidwa isanadulidwe. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo utoto wa zitenje zina umatuluka. Ndi bwino kuti zimenezi zichitikire m'beseni nsaluyo ili yokha, kusiyana n'kuti zichitike italumikizidwa kale ku zigamba zoyera.

Kachitatu, tiyeze pakati, tisadalire m'mphepete. M'mphepete mwa zigamba mumatamuka chifukwa chogwiragwira, ndipo wodula mpendero potsata muyeso wa m'mphepete amapeza kuti chofunda chake chikuchita mafunde. Yalani nsaluyo pa mphasa kapena pa simenti yosesa bwino, yezani utali wake m'malo atatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, phatikizani miyesoyo ndi kugaŵa patatu. Mwachitsanzo, ngati mwapeza masentimita 148, 150 ndi 152, muyeso wodulira ndi 150. Mipendero yonse iŵiri ya m'mbali idulidwe pa muyeso umodzi womwewo. Imeneyo ndiyo idzakoka mbali yaitali ndi kumasula yaifupi kuti zifanane.

Kachinayi, tiŵerengere tisanadule. Tinene kuti zigamba zathu ndi masentimita 120 m'lifupi ndi 150 m'litali, ndipo tikudula mipendero ya masentimita 17 m'lifupi. Msoko uliwonse umadya sentimita imodzi ku nsalu iliyonse mwa ziŵiri zolumikizidwazo. Tikasoka mipendero ya m'mbali, m'lifupi mudzakhala 120 kuphatikiza 34 kuchotsa 4, ndiye kuti 150. Mipendero ya kumutu ndi ya kumiyendo idzakhala ya masentimita 150, ngakhale kuti tiyenera kuyezanso pakati tisanaidule. Ikasokedwa, utali udzakhala 180. Kuzungulira chofunda chonse ndi masentimita 660, choncho lamba wotsekera m'mphepete akhale pafupifupi mamita 7, kuti pakhale wotsala wa m'ngodya ndi polumikizira. Chitenje chimodzi cha mamita 2, chimene m'lifupi mwake chimaposa mita imodzi, chikadulidwa motsata utali chimatulutsa mipendero yonse inayi, ndipo chotsalacho chimakwanira lamba uja wa masentimita 6 m'lifupi. Mwana akaona manambala aŵa pa bolodi amadziŵa kuti nsalu ikwana, ndipo theka la mantha ake latha.

Kachisanu, tigwirize tisanasoke. Pindani mpendero paŵiri kuti mupeze pakati pake, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mbali ya zigamba. Lumikizani pakati ndi pakati, nsonga ndi nsonga, kenaka gaŵaninso magawo otsalawo. Ngati mapini palibe, misoko yaitali yongogwiriza ndi ulusi wa mtundu wina ikwanira, ndipo idzasololedwa pambuyo pake. Mukatero sokani ndi msoko wobwerera m'mbuyo, ndi kusita msoko uliwonse ndi nsimbi musanapite ku mbali ina.

Kachisanu ndi chimodzi, nsalu ya kunsi. Bulangete lakale lochapa bwino liikidwe pakati, ndi nsalu yoyala pa bedi kapena zitenje zakale kunsi kwake. Zitatuzi zigwirizidwe kuyambira pakati kutulukira kunja, kuti makwinya athaŵire m'mphepete, kenaka zisokedwe ndi mizere yotalikirana ngati chikhatho cha mwana. Potsiriza lamba uja apindidwe paŵiri motsata utali, asokedwe kumaso, atembenuzidwire kumbuyo ndi kutsekedwa ndi timisoko tating'ono. Pa ngodya mphunzitsi aime, aitane ana onse a gululo, ndipo asonyeze pang'onopang'ono ngodya imodzi yokha. Zitatu zotsalazo ndi za ana.

Kukonza teremu

Njira yabwino imalephera ngati nthaŵi yake sidasungidwe. Ngati teremu ili ndi masabata 12, tikuganiza kuti loyamba likhale loyesera pa pepala ndi kusonkhanitsa zigamba, asanu ndi limodzi akhale olumikiza zigamba, anayi akhale a mpendero ndi kutsiriza, ndipo lomaliza likhale loonetsa ntchito kwa makolo. Tsiku losiya kulumikiza zigamba lilembedwe pa khoma kuyambira pachiyambi, ndipo likafika kulumikiza kuleke, nsalu yakula kapena sidakule. Ikachepa idzafunditsa khanda kapena kuyalidwa pa mpando, ndipo ntchito imeneyo iposa ya nsalu yaikulu yogona m'kabati.

M'kalasi ya ana ochuluka, ana agaŵidwe m'magulu a anthu asanu ndi atatu, gulu lililonse chofunda chimodzi. Mbali zili zinayi, ndiye kuti ana aŵiri pa mbali iliyonse, wina wogwira tepi, wina wolemba mzere ndi choko. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana amene akadaopa kudula yekha amalimba mtima mnzake akatsimikiza muyeso. Pochonga, theka la malikisi liperekedwe pa mpendero ndi kutsiriza. Ana amaŵerenga msanga chimene mphunzitsi amachilemekeza, ndipo akaona kuti zigamba zokongola zopanda mpendero zalandira malikisi onse, sadzavutikanso n'kutsiriza.

Mayankho kwa otsutsa

Ena adzati nsalu ya mpendero ndi yodula ndipo makolo sangakwanitse. Izi n'zoona ngati mwana aliyense akufunsidwa chitenje chake. Koma taona kuti chitenje chimodzi chikwanira gulu la ana asanu ndi atatu. Ngakhale chimenecho chikasoŵa, nsalu yoyala pa bedi ya pa kaunjika imagwira ntchito yomweyo, ndiponso zigamba za mtundu umodzi zingathe kulumikizidwa kukhala mzere wautali. Chodula zedi ndi ulusi ndi masabata amene adatayika pa nsalu yosatsirizidwa.

Ena adzati mwana adabwera ku sukulu kudzakhoza mayeso a Sitandade 8, ndipo masabata anayi a mpendero ndi kutaya nthaŵi. Tiwakumbutse kuti mwana amene wayeza m'malo atatu n'kugaŵa patatu, amene wachotsera za m'misoko ndi kupeza kuzungulira kwa chofunda, wachita masamu omwe aja a m'buku, ndipo wawachita akudziŵa kuti akalakwitsa nsalu siikwana. Koma pali china choposa masamu. Mwana amene waloledwa kusiya chofunda pa malo ovuta ndi yemwe uja amalemba chimangirizo chopanda mathero, amasiya samu yogaŵa ikafika pa zotsala, ndipo amalima dimba la sukulu koma osaonekera tsiku lothirira. Chizoloŵezi ndi chimodzi, chimangosintha malo. M'mera mpoyamba, ndipo sukulu imene imasunga ntchito zosatha chaka ndi chaka ikuphunzitsa chizoloŵezi chimenecho ngakhale kuti sichidalembedwe m'silabasi.

Palinso aphunzitsi achifundo amene amatenga zofunda za ana kukatsiriza kunyumba usiku, kapena kupita nazo kwa telala kuti azipendere pa makina tsiku loonetsa lisanafike. Cholinga chawo n'chabwino, ndipo zofundazo zimaoneka bwino pa chingwe. Koma mwana amaphunzirapo kuti gawo lovuta la ntchito ndi la munthu wina. Ngati telala ali pafupi, ndi bwino kumupempha kudzera kwa a komiti ya sukulu kuti abwere tsiku limodzi adzasonyeze kadulidwe kake, kenaka sizasi ibwerere m'manja mwa ana. Kubwera kwake kudzathandizanso anyamata amene amati singano ndi ya atsikana, pakuti adzaona okha kuti ambiri mwa osoka a pa msika ndi abambo, ndipo amadyetsa mabanja awo ndi luso lomwelo.

Sitikunena kuti chilichonse choyambidwa chiyenera kutsirizidwa zivute zitani. Ngati zigamba zidali zofumbwa ndipo zikung'ambika pozigwira, kugulira mpendero watsopano ndi kutaya ndalama. Koma mphunzitsi ndi ana aone pamodzi, agwirizane poyera kuti nsaluyo yalephera, anene chifukwa chake, ndipo aigwiritse ntchito ina. Kusiya kotere kuli ndi phunziro lake, ndipo n'kosiyana ndi kuponya nsalu yabwinobwino m'kabati mwakachetechete.

Kwa inu amene mukukonzekera uphunzitsi

Pempho lathu kwa inu ndi limodzi. Musanapite kokayesera kuphunzitsa, aliyense wa inu, mwamuna kapena mkazi, atsirize chofunda chimodzi ndi manja ake, ngakhale chaching'ono, kuyambira kuchapa nsalu mpaka ngodya yachinayi. Musabise pamene padapotoka. Pitani nacho ku sukulu imene adzakutumizani, ndipo tsiku loyamba la phunziro la kusoka chiyaleni pa tebulo kuti ana achigwire, achitembenuze ndi kuona misoko ya kumbuyo. Akakufunsani kuti pa ngodya iyi mudatani, muwauze zoona zake zonse, pamodzi ndi chiŵerengero cha nthaŵi zimene mudasolola ulusi n'kuyambiranso.

Kwa aphunzitsi anzathu amene ali kale m'sukulu, kabati ija itsegulidwe teremu ino, zigamba zatsopano zisanasonkhanitsidwe. Sankhani nsalu ziŵiri kapena zitatu zolimba mwa zimene zidasiyidwa, funani eni ake ngati akadali pa sukulupo, ndipo muyambire pa mpendero. Ikayambidwa msanga, ntchitoyi idzatha Juni asanafike, ndipo zofundazo zidzapita kumudzi pa nthaŵi imene zikufunika.